Mmene Nyimbo Zinasungira Chilankhulo cha Aturuki

M'chaka cha 1055 asilikali a Tughril Beg, mfumu ya fuko la Seljuk, analowa mu mzinda wa Baghdad. Khalifa anakhalabe pampando wake, koma mphamvu ya lupanga inali itagwera m'manja mwa Aturuki, anthu oweta ziweto ochokera m'zigwa za pakati pa Asia. Mwarabu wofuna kudandaula kwa msilikali kapena kupempha ntchito kwa bwanamkubwa anayenera tsopano kumva chilankhulo chimene makolo ake sankachilabadira.

Amene anaona vuto limeneli anali Mahmud al-Kashgari, munthu wophunzira wochokera chigawo cha Kashgar, kumene lero kuli kumadzulo kwa China. Iye anali atayenda pakati pa mafuko ambiri a Aturuki, akumvetsera mmene fuko lililonse limatchulira mawu. Kuyambira chaka cha 1072 analemba buku lotchedwa Diwan Lughat al-Turk kuti Aarabu aphunzire Chituruki, ndipo analipereka kwa Khalifa al-Muqtadi. Kumayambiriro kwa bukuli anatchula hadith yolimbikitsa kuphunzira chilankhulochi, imene sipezeka m'mabuku odalirika a hadith. Iye mwini anachenjera, nanena kuti ngakhale hadithyo itakhala yosatsimikizika, nzeru yokha ikulamula munthu kudziwa chilankhulo cha amene akumulamulira.

Chochititsa chidwi ndi njira yomwe anaphunzitsira. M'bukumo muli mawu oposa 7,000, ofotokozedwa m'Chiarabu. Koma Mahmud ankadziwa kuti liwu louma silichedwa kuiwalika. Choncho akafotokoza liwu, nthawi zambiri ankaika pansi pake mwambi kapena ndime ya nyimbo momwe liwulo likupezeka, kenako n'kumasulira. Umu ndi mmene zinatipezera nyimbo za nkhondo, za ulenje, za mkangano wa nyengo yozizira ndi yotentha, komanso nyimbo yolira maliro a ngwazi yakale Alp Er Tunga. Zambiri ndi za mizere inayi yaifupi, yofanana kutalika, yosavuta kuisunga pamtima. Aliyense amene anaphunzirapo zilembo za Chiarabu kumadrasa poimba limodzi ndi anzake akudziwa kuti chimene chalowa ndi kayimbidwe sichituluka msanga m'mutu.

M'buku lomweli muli liwu lakuti qobuz, limene Mahmud analimasulira poliyerekeza ndi ud ya Aarabu. Dzina limeneli likadalipo. Kwa anthu a ku Kazakhstan, kobyz ndi chida chosemedwa pa mtengo umodzi, chokutidwa ndi chikopa kumunsi, cha nsambo ziwiri zopangidwa ndi ubweya wa kumchira kwa hatchi, ndipo chimaimbidwa pochikhutiza ndi uta monga amachitira ndi kaligo kwathu kuno. Nthano zawo zimati anachiyambitsa ndi Korkut Ata, nkhalamba yanzeru yomwe Aturuki a kumadzulo amaitcha Dede Korkut. M'nthano zotchedwa ndi dzina lake, nkhalambayi imafika kumapeto kwa nkhani, nkuimba ndi chida chake, nkudalitsa anthu, ndipo ndi imenenso imapereka dzina kwa mnyamata amene wachita chamuna. Woimba ndiye anali nkhokwe ya mbiri ya fuko.

Tisabise kuti chida chimenechi chinali ndi chiyambi cha m'nthawi ya umbuli, pakuti asing'anga otchedwa baksy ankachigwiritsa ntchito poitana mizimu. Tikudziwanso kuti ma ulama akhala akusiyana maganizo pa nkhani ya zida zoimbira kuyambira kale, ndipo tsamba lino silikugamula mlandu umenewo. Ife tikungolondola mbiri. Ndipo mbiri ikutionetsa kuti Chisilamu chitafika m'zigwa zija, alaliki sanadikire kuti woweta nkhosa aliyense ayambe wadziwa Chiarabu. Sheikh Ahmad Yasawi, yemwe anamwalira m'chaka cha 1166, anaphunzitsa za kuopa Allah ndi kukonda Mtumiki (SAW) m'ndakatulo za Chituruki zotchedwa hikmet, zambiri mwa izo za mizere inayi ngati nyimbo zakale zija. Ophunzira ake ankazilakatula mokweza m'mabwalo a zikiri, ndipo zinayenda pakamwa kwa mibadwo ingapo. Ku Anatolia, Yunus Emre, amene anamwalira cha m'ma 1320, anachita chimodzimodzi panthawi yomwe anthu ophunzira ankanyadira kulemba m'Chiperezi. Ndakatulo zake zimaimbidwabe m'dziko la Turkey monga nyimbo zauzimu zotchedwa ilahi.

Buku la Mahmud lenilenilo linatsala pang'ono kutayika. Lomwe linapulumuka ndi limodzi lokha, lokoperedwa pamanja ku Damascus m'chaka cha 1266. Munthu wina wokonda mabuku, Ali Emiri, analipeza kwa wogulitsa mabuku akale mu Istanbul, ndipo linasindikizidwa pakati pa 1915 ndi 1917.

Patangopita zaka zochepa, chilankhulocho chinakumana ndi mayeso aakulu. M'chaka cha 1928 boma la Mustafa Kemal Atatürk linathetsa zilembo za Chiarabu polemba Chituruki, n'kuika za Chilatini. Anthu a ku Kazakhstan, amene anali pansi pa Soviet Union, anawasinthira zilembo kawiri, mu 1929 ndi mu 1940. Taganizani, mdzukulu kulephera kuwerenga kalata ya agogo ake, ngakhale mawu olembedwa pamanda awo! Nyimbo nazo sizinasiyidwe pamtendere. Nyumba za ma tariqa ku Turkey zinatsekedwa mu 1925, ndipo kuyambira 1934 mpaka 1936 nyimbo zachikale za Chituruki zinachotsedwa pa wailesi ya boma pofuna kuzoloweza anthu za ku Ulaya. Komabe lamulo losintha zilembo silikanatha kufika pa chimene mayi amaimbira mwana kumbuyo, kapena pa woimba woyendayenda m'midzi ndi saz yake, chida cha khosi lalitali chomwe ambiri amachiona ngati mdzukulu wa qobuz.

Mmodzi mwa oimba oterewa anali Aşık Veysel, wobadwa mu 1894 m'mudzi wa Sivrialan m'chigawo cha Sivas. Nthomba inamuchititsa khungu ali ndi zaka pafupifupi 7, ndipo bambo ake anamupatsa saz kuti azidzitonthoza nayo. Sanawerengepo zilembo zakale ngakhale zatsopano. Anapeka nyimbo zake m'mizere inayi, m'Chituruki cha kumudzi, ndipo m'zaka za m'ma 1940 boma lomwe lija linamutenga kuti akaphunzitse saz m'masukulu ophunzitsa aphunzitsi a kumidzi. Anamwalira mu 1973 m'mudzi momwe anabadwira.