Mbeu za Pansi pa Nthaka ku Unsenga

Munthu woyenda pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka, akaoloka Luangwa nafika ku Nyimba ndi ku Petauke, amaona minda ya cimanga, nshawa ndi thonje, nayesa kuti cakudya ca Ansenga ndi comweco. Koma kuseri kwa nyumba ndi m'madimba muli mbeu zina zimene mbiri yace siicepa, ndizo cilazi, buye, koko, mbatata ndi cinangwa.

Mbeu izi sizinafike pamodzi iai. Buye, amene Abemba amamucha mumbu, ndi wa muno mu Africa, monganso mitundu ina ya cilazi. Koko anacokera ku Asia kalekale. Cinangwa ndi mbatata kwao ndi ku America, ndipo zinaoloka nyanja m'zombo za Apwitikizi citapita caka ca 1500. Dzina lomwe la mbatata licitira umboni, pakuti Apwitikizi amati batata. Anthuwo anakhala ku Tete, ndipo ca m'ma 1720 anamanga msika ku Zumbo, pamene Luangwa athira m'Zambezi. Kucokera kumeneko amalonda ao, makamaka Acikunda, anali kukwera cigwa ca Luangwa kudzagula minyanga kwa Ansenga, ndipo dziko lino linadziwana ndi zinthu za kutsidya kwa nyanja.

Tsono mbeu za pansi zisiyana ndi mapira kapena cimanga pa cinthu cimodzi cacikulu. Mapira munthu akhoza kuwasunga m'nkhokwe kufikira mvula ina. Koma mbatata timabzala kholowa wace, cinangwa timadula mtengo wace, cilazi ndi koko timakwirira cidutswa cace. Zonsezi sizikhalitsa zikacoka m'nthaka. Cifukwa cace kholowa amasungidwa wamoyo m'dimba cilimwe conse, ndipo mai amene mbuzi zamudyera mbeu, kapena dimba lamuumira, alibe kwina kopita koma kwa mnzace. Apo mpamene panacokera mwambo wa kupatsana. Wina apereka mtolo wa kholowa, nalandira mitu ya koko. Wina pobwera ku maliro kapena kokaona abale atenga mitengo ya cinangwa cozuna. Akulu anati kupatsa nkuika, ndipo pa mbeu izi mauwo ali oona ndithu, pakuti amene anagawira anansi ace adzaipezanso kwa iwo tsiku limene yace yafa.

Phindu la mbeuzi limaoneka pa masiku oipa. M'mwezi wa November 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, nakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga. Nkhondo yotere imafunkha nkhokwe ndi kuitentha, koma cakudya ca pansi siitha kucisenza conse. Dzombe lofiira limene linasautsa maiko ano kuyambira 1930 linali kumaliza masamba, koma mizu inali kutsala. Ncifukwa cace Boma la Atsamunda linali kukakamiza anthu m'maboma ambiri kulima cinangwa coteteza njala.

Zambia atalandira ufulu mu 1964, Boma linalimbikitsa cimanga ca haibulidi, ndi feteleza wochipa ndi misika yogula. Cimanga cinabweretsa ndalama, ndipo mbeu zakale zinayamba kuyesedwa cakudya ca nkhalamba. Cilala ca 1992 cinakumbutsa anthu kuopsa kwa kudalira mbeu imodzi. Citapita caka ca 2010, alangizi anafalitsa m'cigawo ca Kum'mawa mbatata yofiira m'kati, yokhala ndi vitamini A. Iwonso anatsata njira ya makolo, popereka kholowa kwa alimi owerengeka kuti acurukitse ndi kugawira anzao.

Inu amene mwatsiriza sukulu, dziwani kuti mtundu wa buye kapena cilazi ukatha m'mudzi, simudzaupeza m'sitolo ya mbeu. Umakhala ndi moyo pokha-pokha ngati wina aubzala caka ndi caka. Funsani agogo anu maina a mitundu imene ali nayo, pemphani pang'ono, mubzale mzere umodzi kuseri kwa nyumba, ndipo pokolola mugawireko anzanu a m'midzi ina.