Ngozi Zitatu za Ndege ndi Funso la Qadar

Mbiri ya Malawi ya zaka makumi awiri zapitazi ili ndi ngozi zitatu za ndege zing'onozing'ono zimene sitiyenera kuziiwala. Mu Juni 2007, ndege ya alendo okaona malo idagwa m'chigawo cha kumpoto, kufupi ndi mapiri a Nyika, ndipo anthu asanu a ku Britain adamwalira pamodzi ndi woyendetsa wa ku Canada. Pa 20 Ogasiti 2024, ndege ya mtundu wa Cessna 210 idagwera m'nyanja ya Malawi itanyamuka ku Nkhotakota. Woyendetsa, mbadwa ya ku Zimbabwe, adataya moyo, pomwe mayi wa ku Netherlands adapulumutsidwa ndi asodzi.

Pakati pa ziwirizi pali ngozi imene idagwedeza dziko lonse. Pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikali ya Dornier 228 idanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe nthawi ya 9:17 m'mawa kulunjika ku Mzuzu. Siidafike. Idapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa, anthu onse asanu ndi anayi atamwalira, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi Mayi Patricia Shanil Dzimbiri. Pa 16 Juni mdipiti wa maliro udadutsa kwathu kuno pa msewu wa M1 popita ku Nsipe, ku Ntcheu. Ife okhala m'munsi mwa phiri la Dedza sitidavutike kumvetsa za nyengo ya tsiku la ngoziyo, pakuti timaidziwa nkhungu ya Juni imene imameza phiri lonse munthu akuona.

Komiti yofufuza imene adaitsogolera Justice Jabbar Alide idanena mu Disembala 2024 kuti ngoziyo idadza kaamba ka nyengo yoipa ndi zofooka za anthu. Akatswiri a bungwe la BFU a ku Germany adapeza kuti ndegeyo idalibe makina ojambula mawu a oyendetsa ndi osunga mbiri ya ulendo. Adapezanso kuti batire la chida chotumiza chizindikiro ndege ikagwa lidatha nthawi yake mu 2004. Nkhungu palibe adailenga mwa ife, koma batire limasinthidwa ndi manja a munthu.

Pa maliro otere ambiri timafulumira kunena kuti nthawi idakwana. Ndi zoona, ndipo Msilamu sakayika kuti palibe mzimu umachoka popanda chilolezo cha Allah. Komabe mbiri yathu imationetsa kuti Maswahaba sadaiyese Qadar chofunda chobisira kusasamala. Pa nthawi ya mliri wa Amwas, Khalifa Umar ibn al-Khattab, Allah asangalale naye, adafika pa Sargh ali pa ulendo wa ku Shaam. Atamva kuti kutsogolo kwabuka mliri adafunsa nzeru kwa anzake, kenaka adabwerera ku Madina. Abu Ubaidah atadabwa ngati kumeneko sikudali kuthawa chikonzero cha Allah, Umar adamufotokozera kuti kupewa choopsa nakonso kuli m'kati mwa chikonzero chomwecho.

Choncho kufunsa chimene chidagwetsa ndege si kutsutsana ndi Mlengi. Aliyense wonyamula anthu, kaya woyendetsa ndege, mwini minibasi ya pakati pa Dedza ndi Lilongwe, kapena mnyamata wa kabaza, wasenza amana, ndipo adzafunsidwa za iyo. Chimodzimodzinso amene ali ndi udindo wogula zipangizo ndi kuyendera makina.

Tiwaphunzitse ana athu m'madrasa zinthu ziwirizi pamodzi: kupirira pa zimene Allah walamula, ndi kulimba mtima kufunsa ngati ife tidachita mbali yathu. Allah atonthoze mabanja oferedwa, ndipo atiteteze pa maulendo athu a pamtunda, a panyanja ndi a mumlengalenga.