Luso la Manja Silionekera Papepala

Pamene dziko la Mozambique linalandira ufulu wodzilamulira pa 25 Juni 1975, madokotala ambiri achipwitikizi analongedza katundu wawo n'kubwerera kwawo. Otsala sanakwane ngakhale 100, m'dziko la anthu pafupifupi 10 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo anali m'mizinda ikuluikulu. Pa 24 Julayi chaka chomwecho boma linatenga ntchito zonse zachipatala kuti zikhale m'manja mwake. Nduna yoyamba ya zaumoyo, Hélder Martins, inali ndi funso lovuta patsogolo pake: ndani adzasamalira odwala ku Angónia, ku Zumbo, ku Lago ndi m'maboma ena akutali? Sukulu ya udokotala inali imodzi yokha, ya kulikulu la dziko, ndipo kuphunzitsa dokotala mmodzi kumatha zaka zambiri.

Yankho linali kugawa ntchito. Zina mwa zimene ankachita madokotala zinaperekedwa kwa anamwino ndi othandizira awo, ndipo zina zinaperekedwa kwa anthu wamba a m'midzi. Koma yankho limeneli linabala funso lina limene mphunzitsi aliyense amalidziwa bwino: munthu akaphunzitsidwa ntchito ya manja, zidziwika bwanji kuti waidziwadi? M'kalasi, mayeso olakwika amabwezera mwana m'mbuyo chaka chimodzi. Pachipatala, mayeso olakwika amaika moyo wa wodwala m'manja osadziwa ntchito.

Chiyambi cha ma APE

Maganizo ophunzitsa anthu wamba sanali achilendo kwa atsogoleri a nthawiyo. Pulezidenti woyamba, Samora Machel, anali namwino, ndipo ntchitoyo anaiphunzira pachipatala cha Miguel Bombarda ku Lourenço Marques m'zaka za m'ma 1950. Pa nkhondo yomenyera ufulu, FRELIMO inkaphunzitsa anyamata ndi atsikana kutsuka mabala, kumanga zilonda ndi kubaya jekeseni m'madera amene inkalamulira ku Cabo Delgado, ku Niassa ndi ku Tete. Kumeneko kunalibe nthawi ya mayeso olemba. Munthu ankaphunzira poonerera mnzake, kenako n'kuchita yekha mnzakeyo akumuyang'ana.

Mu 1978 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ntchito ya Agente Polivalente Elementar, amene anthu amangomutchula kuti APE. Mudzi unkasankha munthu wake, iye n'kupita kukaphunzira, n'kubwerera kudzathandiza anzake pa nkhani za ukhondo, zimbudzi, madzi akumwa ndi matenda ofala. Chaka chomwecho, mu Seputembala, mayiko anasonkhana ku Alma-Ata, m'dziko limene linkatchedwa Soviet Union, n'kugwirizana kuti chithandizo choyambirira chiyenera kufika pafupi ndi kumene anthu amakhala. Mozambique inali itayamba kale kuyenda njira imeneyo.

Chofooka chinaonekera pambuyo pa maphunziro. Dongosolo linali lakuti mudzi uzisamalira APE wake, koma midzi yambiri inalibe chomupatsa. Kenako nkhondo yapachiweniweni inakula. Zipatala zing'onozing'ono zambiri zinatenthedwa kapena kutsekedwa, misewu inakhala yoopsa, mankhwala anasiya kufika, ndipo oyang'anira sanathenso kuyendera anthu awo. APE anatsala yekha, wopanda womuonetsa pamene akulakwitsa. Mu 1989 boma linaimitsa maphunzirowo. Mtendere utabwera, pangano litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mabungwe osiyanasiyana anayamba kuphunzitsa anthu odzipereka, bungwe lililonse ndi buku lake, masiku ake ndi muyezo wake. Kunena kuti wakuti anaphunzitsidwa sikunkatanthauzanso chinthu chimodzi m'dziko lonse.

Kuyesa ndi zotsatira

M'kati mwa nkhondo yomweyo, dziko linayesa chinthu china cholimba mtima kwambiri. Mu 1984 kunayambika maphunziro a técnicos de cirurgia, ndipo dokotala wa maopaleshoni Fernando Vaz anali mmodzi wa otsogolera. Ankatenga anamwino ndi othandizira madokotala amene anali atagwira kale ntchito, n'kuwaphunzitsa zaka zitatu: ziwiri ku Maputo, chimodzi pachipatala chachikulu cha chigawo moyang'aniridwa. Akamaliza ankatumizidwa kumaboma kukachita maopaleshoni adzidzidzi, makamaka a amayi amene alephera kubereka.

Okayikira analipo ambiri, ndipo chifukwa chokayikira chinali chomveka. Munthu wopanda digiri ya udokotala agwire mpeni? Satifiketi siikanathetsa mtsutsowo. Chimene chinauthetsa ndi kuwerenga zimene zinachitikira odwala. Kafukufuku wa Caetano Pereira ndi anzake, amene anasindikizidwa mu 1996, anaona maopaleshoni obereketsa 2071 ochitidwa pachipatala chachikulu cha Maputo. Mwa amenewa, 958 anachitidwa ndi ma técnico ndipo 1113 anachitidwa ndi madokotala akatswiri. Pa mavuto aakulu obwera pambuyo pa opaleshoni panalibe kusiyana kwenikweni. Kusiyana kunapezeka pa chinthu chimodzi: mabala osokedwa ndi ma técnico ankatseguka pamwamba kawirikawiri kuposa enawo. Kafukufuku wina wa mu 2007 anasonyeza kuti m'zipatala za maboma ma técnico ankachita 92 mwa maopaleshoni 100 alionse akuluakulu a uchembere. Anasonyezanso kuti patatha zaka zisanu ndi ziwiri, 88 mwa ma técnico 100 alionse anali adakali kumaboma, pamene madokotala amene anatumizidwa kumeneko onse anali atachoka.

Kuyesa kotere kunachita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Kunatsimikizira kuti ntchito ikuyenda bwino, komanso kunaloza malo enieni ofunika kukonza, amene ndi kasokedwe ka bala. Mayeso amene amangonena kuti wakhoza kapena walephera sangauze mphunzitsi chimene ayenera kubwereza.

Zimene zinachokera kunja

Kudikira zotsatira kuli ndi vuto lake: pofika nthawi imene zadziwika, wodwala wagwiridwa kale. Pafunika njira yoonera luso la munthu asanakhudze wodwala. Funso limeneli linkavutitsanso masukulu a udokotala m'mayiko olemera, ndipo njira zimene zinapezeka kumeneko ndi zimene pambuyo pake zinafalikira m'maphunziro a azaumoyo mu Africa.

Kale, wophunzira udokotala ankapatsidwa wodwala mmodzi, n'kumupima payekha, kenako n'kukafotokoza kwa womuyesa. Wodziwa kulankhula ankakhoza ngakhale manja ake ali osakhwima, ndipo zambiri zinkadalira mwayi: wina ankapeza wodwala wosavuta, wina woyesa wankhanza. Mu 1975 Ronald Harden ndi anzake, a ku Scotland, anafalitsa njira imene lero imadziwika ndi dzina lakuti OSCE. Wophunzira amazungulira malo angapo, pamalo alionse mphindi pafupifupi zisanu, ndipo pamalo alionse pali ntchito imodzi yoti achite. Woyesa amaimirira pambali ndi mndandanda wa masitepe, n'kumachonga zimene waona ndi maso. Ophunzira onse amakumana ndi ntchito zofanana ndi muyezo wofanana.

Mu 1990 George Miller wa ku America anafotokoza chifukwa chake zimenezi zili zofunika. Iye anati luso lili ndi makwerero anayi. Loyamba ndi kudziwa chinthu. Lachiwiri ndi kudziwa kachitidwe kake. Lachitatu ndi kuonetsa pamaso pa woyesa. Lachinayi ndi kuchita tsiku ndi tsiku pantchito, popanda woyang'ana. Pepala ndi cholembera zimafika pa makwerero awiri oyambirira okha. Lachitatu limafuna maso a woyesa, ndipo lachinayi limafuna kuti woyang'anira apite kumene ntchito ikugwiridwa.

Kubwerera kwa ma APE mu 2010

Mu 2010 Unduna wa Zaumoyo unatsitsimutsa ntchito ya ma APE, utaphunzirapo kanthu pa zakale. Tsopano panali buku limodzi la dziko lonse, maphunziro a miyezi inayi, kandalama ka pamwezi, bokosi la mankhwala, ndi chipatala chimene APE aliyense amaperekako malipoti ake. Mbali yaikulu ya ntchito yake ndi kuphunzitsa anthu kupewa matenda, koma amapimanso ndi kuchiza malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba, makamaka kwa ana osakwana zaka zisanu, ndipo wodwala kwambiri amamutumiza kuchipatala.

Ntchito zimenezi zimaoneka zazing'ono mpaka munthu ataziona pafupi. Pofuna kudziwa ngati mwana wotsokomola ali ndi chibayo, APE amawerenga kapumidwe kake kwa mphindi yathunthu. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, ndiye kuti akupuma mofulumira. Wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu malire ake ndi ka 40. Manambala amenewa munthu angawaloweze tsiku limodzi n'kuwalemba bwinobwino pa mayeso. Koma kuti awerenge molondola, ayenera kudikira mwana asiye kulira, kupempha mayi akweze malaya a mwanayo, kuyang'ana malo amodzi pachifuwa kapena pamimba osasuntha maso, ndi kumvera wotchi nthawi yomweyo. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofulumira amawerenga theka la mphindi n'kuchulukitsa kawiri, ndipo mwana wodwala chibayo angabwerere kunyumba opanda mankhwala.

N'chimodzimodzi ndi kachipangizo koyezera malungo. Magazi ayenera kukhala a muyezo wake, madontho a mankhwala akwane, ndipo zotsatira ziwerengedwe pa nthawi imene wopanga ananena, osati msanga kapena mochedwa. Mzere wotsimikizira kuti kachipangizoko kagwira ntchito ukapanda kuoneka, kuyezako kubwerezedwe. Kalamba koyezera mkono wa mwana kayenera kukulungidwa pakati penipeni pa phewa ndi chigongono, kosathina komanso kosakhwepa; kakasonyeza pansi pa masentimita 11.5, mwanayo ali ndi vuto lalikulu la kunyentchera. Pa zonsezi, cholakwa sichimveka m'mawu a wophunzira. Chimaoneka m'zala zake.

Luso limazilala

Ngakhale amene wakhoza pamaso pa woyesa sanafike pa khwerero lachinayi la Miller. Umboni wina unachokera pachipatala chachikulu cha Beira, kumene ofufuza anajambula pakanema mmene azamba ankathandizira makanda obadwa osapuma, asanaphunzitsidwe komanso ataphunzitsidwa. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2015 zinasonyeza kuti maphunziro aafupi anakonzadi kagwiridwe ka ntchito, koma sikanafike pa muyezo wofunika. Pambuyo pake anayesa njira ina, yoyeserera pang'onopang'ono koma pafupipafupi pamalo a ntchito pomwepo, ndipo zinthu zinasinthanso kukhala bwino. Phunziro lake ndi lomwe lija la ma APE a m'ma 1980: luso losabwerezedwa ndi losayenderedwa limachita dzimbiri ngati khasu losiyidwa pamvula.

Pakamwa ndi m'manja

Pali mbali imodzi ya mbiriyi imene ikukhudza mwachindunji aphunzitsi a m'makalasi a zilankhulo ziwiri. Njira yodziwika bwino yophunzitsira luso la manja, imene dokotala Rodney Peyton anaifotokoza mu 1998, ili ndi masitepe anayi. Mphunzitsi amachita ntchitoyo osalankhula. Amaibwereza pang'onopang'ono akufotokoza. Kenako wophunzira ndi amene amafotokoza, mphunzitsi n'kumachita zokhazo zimene akuuzidwa. Pomaliza wophunzira amafotokoza n'kuchita yekha. Sitepe yachitatu ndi imene imaulula ngati munthu wamvetsa, ndipo yonse imayenda ndi mawu.

Munthu wofuna kukhala APE amayenera kudziwa kuwerenga ndi kulemba Chipwitikizi, chifukwa mabuku ndi mafomu ali m'chilankhulo chimenecho. Koma mayi wa ku Tsangano kapena ku Macanga amafotokoza matenda a mwana wake m'Chinyanja, ndipo m'Chinyanja momwemo ayenera kumva kuti paketi imodzi ya mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino. Wophunzira akakakamira pofotokoza m'Chipwitikizi, woyesa angaganize kuti sadziwa ntchito, pamene chasowa ndi liwu lokha. Winanso angalakatule ndime yonse ya m'buku osaphonya, koma n'kulephera kumasulira mayi tanthauzo lake. Woyesa wosasamala amagwetsa woyamba n'kukhozetsa wachiwiri, ndipo mudzi umalandira munthu wolakwika.

Zaka pafupifupi 50 za mbiri imeneyi zasiya malangizo osavuta kumva, ngakhale ndi ovuta kutsatira. Woyesa adziwiretu chimene akuyesa, kaya ndi chilankhulo, kaya ndi luso, ndipo asasakanize ziwirizi. Ntchito igawidwe m'masitepe ooneka ndi maso, wophunzira awadziwe mayeso asanafike. Cholakwa chitchulidwe ndi dzina lake kuti chikonzedwe. Ndipo mayeso asathere pa tsiku lolandira satifiketi. Ana amene lero akuphunzira kuwerenga nthawi pawotchi, kuyeza ndi lula ndi kufotokoza chinthu momveka m'zilankhulo ziwiri, ena mwa iwo ndi amene midzi yawo idzawasankhe kunyamula bokosi la mankhwala.