Kumene ophunzira a ku Milange amapumira

Wophunzira wa ku Milange akatopa ndi mabuku sapita ku chipinda chodyera cha pakoleji. Amalowera kumsika. Sukulu zikuluzikulu za ukachenjede m'chigawo cha Zambezia zili kutali: UniLicungo ili ku Quelimane, ndipo nthambi ya zaulimi ndi nkhalango ya UniZambeze ili ku Mocuba, mtunda wa makilomita pafupifupi 200. Ambiri otsala m'tauni ya m'munsi mwa phiri la Tumbineyi amaphunzira ali kwawo, monga zimachitikira ndi maphunziro a patali a Universidade Católica de Moçambique. Pakati pawo pali aphunzitsi ndi alembi a m'maofesi, anthu a mabanja, amene kunyumba sapeza pabata. Tiyirumu ndi baraka (zisakasa zogulitsiramo zakudya ndi zakumwa) ndiye malo awo owerengera, odyera ndi opumira, ndipo akuluakulu a tauni ayenera kuwaona ngati mbali ya sukulu.

Malowa sanayambe ngati a ophunzira. M'nthawi ya Apwitikizi, Milange inali dera la minda ya tiyi, ndipo pomwe anthu ankakumana panali pa kantina, sitolo yomwe wantchito ankasiyako malipiro ake pogula nsalu, mchere ndi vinyo. Sanali malo okhalapo ndi buku, ndiponso mwana wa munthu wakuda wofika sukulu yapamwamba anali wosowa. Ufulu wa mu 1975 unatsegula makomo a sukulu, koma nkhondo inadzawatseka. Renamo italanda tauniyi mu 1986, anthu anaolokera ku Muloza, m'dziko la Malawi, miyandamiyanda, ndipo ngakhale boma linailandanso mu 1988, ambiri anadikira mgwirizano wa mtendere wa ku Rome wa pa 4 Okutobala 1992 asanabwerere. Ana awo anali ataphunzira m'sukulu za ku Malawi, makolo atazolowera tiyi wa m'tiyirumu, tchipisi cha pachiwaya ndi ndalama ya kwacha. Malonda a chimanga ndi nyemba atakula, njinga zikusenza matumba kupita kumalire, pa msika wa Feira da Amizade ndi m'misewu yozungulira panadzaza ophika nsima ndi okazinga mandasi. Ankaphikira amalonda ndi akabaza. Wophunzira anangopeza benchi ilipo kale, mtengo wake uli wa munthu wosauka, nakhalapo.

Ena amati baraka si malo a munthu wofuna maphunziro, chifukwa muli mowa, nyimbo zogonthetsa m'khutu, komanso amuna a ndalama osokoneza atsikana. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo ya atsikanayo ndiyo yolemera koposa. Koma mankhwala ake alipo kale: lamulo la dziko la Mozambique limaletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18 komanso pafupi ndi sukulu. Chofunika ndi kulitsata, osati kugwetsa zisakasa zonse ngati kuti mayi wogulitsa thobwa ndi mwini bala ndi amodzi. Enanso amati tidikire, koleji yeniyeni ikadzamangidwa idzabwera ndi malo ake odyera. Koma amene akulemba mayeso chaka chino akufuna pokhala lero, ndipo ngakhale m'mizinda ya mayunivesite akuluakulu ophunzira amatulukabe kukadya kwa amayi a kunja kwa mpanda, kumene mbale ndi yotchipa ndiponso ngongole imatheka.

Milange yakhala ndi khonsolo yakeyake kuyambira mu 1998, ndipo ogulitsa m'misika amalipira msonkho. Zimene malowa akusowa n'zimene khonsolo ingakwanitse: mpopi wa madzi, zimbudzi zaukhondo, magetsi a mumsewu kuti mtsikana wochokera kokambirana phunziro abwerere kwawo mosaopa, ndi mzere umodzi wa zisakasa kumene zimkuzamawu n'zoletsedwa. Wophunzira wa patali buku lake lili m'foni, choncho tiyirumu yokhala ndi potchajira imamuthandiza kuposa laibulale yotseka dzuwa lisanalowe.