Mikangano imodzimodzi chaka ndi chaka: mbiri ya chithandizo cholankhula

Ambiri odwala matenda ovutika maganizo kapena nkhawa amadandaulanso kuti m'banja simukuyenda, anzawo akuwatalikira. Lero tione komwe kunachokera chithandizo chomwe chimayang'ana mbali imeneyi.

Nkhaniyi inayambira ku Vienna, m'dziko la Austria. Pakati pa 1880 ndi 1882, dokotala Josef Breuer ankathandiza mtsikana wotchedwa Bertha Pappenheim, ndipo anaona kuti akafotokoza zakumtima, zizindikiro zina zinkachepa. Mnzake Sigmund Freud anapitiriza ganizoli n'kuyambitsa njira yotchedwa psychoanalysis.

Freud anazindikira kuti wodwala amayamba kumuona dokotala ngati mmene ankaonera makolo ake. Amene anakula akukalipiridwa amayembekezera kuti dokotalanso amukalipira. Amene anasiyidwa ali mwana amaopa kuti naye amusiya. Izi anazitcha transference. Phindu lake ndi loti khalidwe lomwe likusokoneza banja limaonekera m'chipinda momwemo, ndipo awiriwo amalikambirana popanda wina kukwiya kapena kuthawa.

Mu 1951, dokotala wa ku London John Bowlby analembera bungwe la WHO lipoti lonena kuti mwana amafunika womusamalira wachikondi komanso wokhazikika. Iye ankaphunzitsa kuti ubale woyambirirawo umakhudza mmene timakhulupirira anthu tikakula.

Kodi njirayi imathandizadi? Mu 2015 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku Tavistock, ku London komweko, pa anthu 129 omwe matenda ovutika maganizo sankawasiya ngakhale analandirapo chithandizo china. Ena anaonana ndi katswiri sabata iliyonse kwa miyezi 18, ena anangopitiriza chithandizo cha nthawi zonse. Miyeziyo itangotha, kusiyana kunali kochepa. Koma patapita zaka ziwiri, anthu 30 pa 100 a gulu loyamba anali atapezako bwino, pomwe m'gulu linalo anali pafupifupi 4 pa 100.

Choncho chithandizochi chimafuna kudekha. Zomwe munthu anazolowera kuyambira ali mwana sizisintha sabata imodzi.

Ngati mkangano womwewo ukukutsatani kwa munthu aliyense amene mwakondana naye, musangoti ndi tsoka. Kauzeni azaumoyo, ndipo musangotchula kusowa tulo kokha, tchulaninso za kunyumba. Musasiye mankhwala panokha. Ngati mukuganiza zodzipha, pitani kuchipatala lero lomwe.