Zikwama za maselo

Zikwama za maselo ndi tizidutswa ta polima taphwatalala, timene asayansi amamata pa selo lamoyo kuti linyamule mankhwala. Ofufuza a ku yunivesite ya MIT anafotokoza njirayi mu 2008. Mu 2020 gulu la Samir Mitragotri ku Harvard linamata zikwama zokhala ndi mankhwala otchedwa interferon gamma pa maselo oteteza thupi otchedwa macrophage, ndipo zotupa za khansa mu mbewa zinachedwa kukula. Chinsinsi chagona pa kaumbidwe ka chikwamacho. Wina angati macrophage, poti ntchito yake ndi kumeza zachilendo, angomeza chikwamacho. Amamezadi kanthu kobulungira, koma kaphwatalala kamamukanika, motero chikwama chimatsala kunja masiku angapo chikutulutsa mankhwala. Nkhawa yomveka ndi yakuti umboniwu ndi wa mbewa, osati wa anthu.