Mafunso ndi Mayankho: Zala za Zinki Zinatulukiridwa Bwanji?

Funso: Aphunzitsi athu anatchula mapuloteni otchedwa zinc finger. Kodi anayamba kuwaona ndani, nanga amagwira ntchito yanji m'thupi? *Wophunzira wa Fomu 4, Zomba*

Yankho: Nkhaniyi inayambira m'mazira a chule. Mu 1985, ku Cambridge m'dziko la Britain, Aaron Klug ndi anzake awiri, Jonathan Miller ndi Andrew McLachlan, ankafufuza puloteni yotchedwa TFIIIA. Puloteniyi imachuluka m'mazira osakhwima a Xenopus laevis, chule wa zikhadabo amene kwawo ndi m'madambo a kum'mwera kwa Africa. Klug anabadwira ku Lithuania koma anakulira ku Durban, ndipo panthawiyo n'kuti atalandira kale mphoto ya Nobel ya 1982.

Anapeza kuti puloteniyo ili ndi tizigawo 9 tofanana, kalikonse ka ma amino acid pafupifupi 30. Kachigawo kalikonse kamapindika mozungulira atomu imodzi ya zinki, imene imagwiridwa ndi ma cysteine awiri ndi ma histidine awiri. Atajambula zimenezi papepala, tizigawoto tinkatuluka ngati zala za dzanja, dzina n'kuyambira pomwepo. Zinki ikachoka, chalacho chimamasuka n'kulephera kugwira kanthu.

Chimene zalazi zimagwira ndi DNA. Mu 1991, Nikola Pavletich ndi Carl Pabo a ku America anaonetsa kuti chala chilichonse chimalowa mumpata wa DNA n'kuzindikira zilembo zake zitatu. Zala zingapo zikandandalikana, zimapeza malo enieni pa DNA n'kuyatsa kapena kuzimitsa jini ya pamenepo. Selo la impso ndi la khungu ali ndi DNA yofanana, koma amasiyana chifukwa majini oyaka mwa limodzi ndi ozima mwa linzake. Munthu ali ndi majini pafupifupi 700 opanga mapuloteni a zala za mtundu umenewu.

Funso: Nanga chala chikalakwika, chimachitika n'chiyani?

Yankho: Titenge puloteni ya WT1, imene jini yake inapezeka mu 1990. Ili ndi zala zinayi, ndipo imatsogolera kuumbika kwa impso mwana ali m'mimba mwa mayi ake. Ikalakwika, maselo ena a impso sakhwima, amangochulukana mpaka kupanga chotupa. Imeneyi ndi khansa ya Wilms, yotchedwa dzina la Max Wilms, dokotala wa ku Germany amene anaifotokoza mu 1899. Si ana onse odwala khansayi amene vuto lawo limachokera ku WT1, koma jiniyi inathandiza kwambiri asayansi kumvetsa mmene imayambira.

Khansayi imagwira makamaka ana osapitirira zaka 5, ndipo ndi imodzi mwa khansa za ana zimene madokotala a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre amakumana nazo kawirikawiri. Nthawi zambiri amayamba kuiona ndi mayi posambitsa mwana: dzanja limakumana ndi chinthu cholimba mbali imodzi ya mimba, mwanayo asakudandaula ululu uliwonse. Musadikire kuti ayambe kulira. Pitani naye kuchipatala msanga, chifukwa khansa imeneyi imachizika ndi mankhwala ndi opaleshoni ikapezeka isanafalikire.

Funso: Kodi kudziwa zimenezi kwachiritsapo munthu?

Yankho: Inde. Mwana ali m'mimba amakhala ndi hemoglobin yakeyake, ndipo akabadwa puloteni ya zala za zinki yotchedwa BCL11A imaizimitsa kuti ya akuluakulu iyambe kupangidwa. Kwa mwana wa matenda a sickle cell, hemoglobin ya akuluakuluyo ndiyo yolakwika. N'chifukwa chake amaoneka wathanzi miyezi yoyambirira, kenako manja ndi mapazi n'kuyamba kutupa. Asayansi anaganiza zofooketsa BCL11A m'maselo opanga magazi kuti hemoglobin yaukhanda ibwerere. Chithandizo chimenechi, chotchedwa Casgevy, chinavomerezedwa ku Britain mu November 2023 ndi ku America mwezi wotsatira. Mtengo wake umaposa madola 2 miliyoni pa munthu mmodzi, pamene ana ambiri obadwa ndi matendawa ali kuno ku Africa. Nkhondo imene yatsala ndi yoti chifike kumene chikufunika kwambiri.

Funso: Ndiye tizimwa zinki wambiri?

Yankho: Ayi. Mapiritsi a zinki sakonza jini yolakwika, ndipo thupi lonse la munthu wamkulu limasunga magalamu awiri kapena atatu okha. Komabe kusowa kwa zinki kumapinimbiritsa ana ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi. Chimanga chili ndi zinthu zolepheretsa zinki kulowa bwino m'magazi, choncho nsima izipita ndi usipa, nyama, nyemba kapena ndiwo zotendera. Mwana akatsegula m'mimba, m'patseni ORS pamodzi ndi zinki amene achipatala apereka, ndipo amalize masiku onse amene anena, 10 mpaka 14, ngakhale atasiya kutsegula pa tsiku lachiwiri.